Mmene Ajeremani adaphunzirira nkhondo ya akasinja

Nkhondo imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, ija ya 1914 mpaka 1918, kuno kwathu idayenda pamitu pa anthu. Atengatenga ndiwo adasenza zipolopolo, ufa ndi matenti kuchokera ku Karonga, kulondola asilikali a mkulu wankhondo wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, m'matchire. Ku Ulaya, kwa eni ake nkhondoyo, zinthu zidaima chiimire. Asilikali adakumba ngalande kuyambira kugombe la Belgium mpaka kumalire a Switzerland, n'kukhala m'menemo zaka, kutsogolo atatchinga ndi waya waminga. Woyesa kudzutsa mutu, chiwaya chinkathana naye. Tsono tcherani khutu, ana inu, mumve mmene chitsulo choyenda chokha chidalowera m'nkhondo imeneyi, ndi mmene Ajeremani, amene lero amatchuka kwambiri pa nkhani ya akasinja, adayambira kumbuyo kwa anzawo onse.

Oyamba anali Angelezi. M'mawa wa pa 15 September 1916, m'chigawo cha Somme ku France, pafupi ndi mudzi wa Flers, asilikali a Germany adaona zizitsulo zikukwawa m'matope, zikuponda waya waminga, zikulavula moto m'mbali. Zidalipo zochepa, ndipo zina zidafera m'njira zisadafike n'komwe pankhondo. Akuluakulu ku Berlin atamva, sadatekeseke kwenikweni. Iwo ankafuna kuti chitsulo chimene chidalipocho chipite ku mizinga, ndege ndi sitima zoyenda pansi pa madzi. Sitingawadzudzule kwambiri pamenepa, pakuti sitima za Angelezi zidatseka nyanja, ndipo chitsulo chabwino, mphira ndi mafuta zinali zosowa. Komabe ntchito yopanga kasinja adaipereka kwa injiniya wina, Joseph Vollmer, ndipo chimene chidatuluka adachitcha A7V, kutengera dzina la ofesi imene inkayang'anira ntchitoyo.

Chinali chibokosi chachitsulo, mamita 7 ndi pang'ono m'litali, mamita atatu kupita m'mwamba, cholemera matani pafupifupi 30. Pansi pake adaikapo matcheni otengera pa thalakitala ya Holt ya ku America. M'kati munali mainjini awiri a Daimler, ataikidwa pakatikati, anthu n'kumapanikizana mozungulira. Kutsogolo kunali mzinga umodzi wa mamilimita 57, m'mbali ndi kumbuyo mfuti za chiwaya 6. Anthu olowamo anali 18, nthawi zina kuposerapo. Taganizani anthu 18 m'kachipinda kachitsulo kopanda mphepo, mainjini awiri akutentha pafupi ndi mawondo awo, utsi wa petulo ndi wa onga utadzaza, phokoso loti mnzako ali pambali pako koma sakukumva. Chipolopolo cha mdani chikamenya kunja, tizitsulo tinkathetheka m'kati n'kumalasa anthu kumaso. Akakhala kutali ndi nkhondo, ambiri ankakonda kukwera padenga kusiyana n'kukhala m'katimo. Ndiye anthuwo sadali a gulu limodzi ayi. Owombera mzinga adawatenga ku gulu la mizinga, a chiwaya ku gulu la asilikali oyenda pansi, amakanika kwinanso. Mtsogoleri, atakhala m'kanyumba ka pamwamba pamodzi ndi dalaivala, ankavutika kuti mawu ake afike kwa aliyense. Musaiwale vuto limeneli, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Panjira yosalala chibokosichi chinkathamanga kuposa akasinja akuluakulu a Angelezi, koma mimba yake inali pafupi kwambiri ndi nthaka, ndipo pa ngalande yotakata kapena pa dzenje la bomba chinkatitimira kapena kugudubuzika. Adapanga 20 okha. Angelezi pofika kumapeto kwa nkhondo adali atapanga oposa 2,000, Afalansa oposa 3,000. Choseketsa n'chakuti akasinja ambiri amene Ajeremani adamenyera nkhondo anali a Angelezi omwewo. Ku Cambrai, mu November 1917, Angelezi adatulutsa akasinja oposa 400 nthawi imodzi n'kuboola mzere wa Ajeremani, koma patapita masiku 10 Ajeremani adabwezera, n'kutola akasinja amene adasiyidwa m'minda. Adakawakonza ku Charleroi, n'kuwajambula mtanda wakuda m'mbali, n'kuwatembenuzira kwa eni ake. Adapanganso chimfuti cha Mauser cha mamilimita 13 choboola chitsulo, cholowa chipolopolo chimodzichimodzi, chimene chinkakankha phewa mwamphamvu mpaka ena kuthyoka fupa.

Tsiku loyenera kulikumbukira ndi 24 April 1918, ku Villers-Bretonneux, kufupi ndi mzinda wa Amiens. Kudachita nkhungu m'mawa umenewo, ndipo Ajeremani adali atathira mpweya wa poizoni m'nkhalango momwe Angelezi adabisa akasinja awo. Akasinja atatu a A7V adatulukira cha ku mudzi wa Cachy n'kukumana ndi atatu a Angelezi a mtundu wa Mark IV. Awiri mwa a Angeleziwo anali ndi mfuti za chiwaya zokhazokha, ndipo ataboledwa adabwerera. Wachitatu, wotsogoleredwa ndi Frank Mitchell, anali ndi mizinga. Anyamata ake maso adali atatupa ndi mpweya uja, ndipo poti kasinjayo ankagwedezeka m'mabampu, kuwombera kwawo kunkangopita padera. Mitchell adalamula kuti aime. Ataima, wowombera adalunjika bwino n'kumenya katatu kasinja wa Ajeremani wotchedwa Nixe, amene ankatsogoleredwa ndi Wilhelm Biltz, ndipo anthu ake adatuluka n'kuthawa. Aka kanali koyamba padziko lapansi kasinja kumenyana ndi kasinja mnzake. Tsiku lomwelo A7V wina wotchedwa Elfriede adagudubuzikira m'dzenje lokumbamo mchenga, ndipo Mephisto adatitimira m'dzenje la bomba. Ameneyu asilikali a ku Australia adakamukoka usiku m'mwezi wa July, n'kumutumiza kwawo. Mpaka lero ali ku Queensland Museum mumzinda wa Brisbane, ndipo mwa 20 aja watsala ndi yekhayo.

Pa 8 August 1918 Angelezi ndi anzawo adabwera ku Amiens ndi akasinja mazanamazana, ndege ndi mizinga zikuyendera limodzi, ndipo asilikali a Germany adadzipereka zikwizikwi. Ludendorff, mkulu wankhondo, pambuyo pake adavomereza kuti tsiku loipa kuposa limenelo gulu lake silidaonepo. Nkhondo itatha, pangano la ku Versailles la mu 1919 lidalamula kuti Germany akhale ndi asilikali 100,000 okha, ndipo kasinja ngakhale mmodzi asapange, asagule.

Apa ndiye pamene nkhaniyi imandikomera. Wopambana pankhondo amasunga zida zake zakale, pamodzi ndi maganizo ake akale. Afalansa adatsala ndi akasinja ang'onoang'ono a Renault ambirimbiri m'magalaja, ndipo ankaona kuti ntchito ya kasinja ndi kuyenda pang'onopang'ono pambali pa msilikali wapansi, monga zidaliri mu 1918. Ajeremani adalibe choti asunge. Hans von Seeckt, amene adatsogolera kagulu kankhondo katsopanoko, adakhazikitsa makomiti ambiri oti aunike bwinobwino chimene chidawagwetsa. Pochita maphunziro m'minda ankagwiritsa ntchito akasinja abodza, matabwa ndi nsalu zokutira pa njinga kapena pa tigalimoto ting'onoting'ono. Ana asukulu ankaboola nsaluzo ndi mapensulo kuti asuzumire m'kati, ndipo asilikali oyenda pansi ankangoseka. Komatu ndi zidole zimenezo ankaphunzira zinthu zenizeni: magalimoto 100 angadutse bwanji pamlatho umodzi osatsekerana, mafuta azifika pati ndi nthawi yanji, lamulo lichoke bwanji kwa mtsogoleri n'kufika kwa womaliza gulu lonse lili paulendo.

Chinyengo chidaliponso. Atagwirizana ndi boma la Soviet Union, adatsegula sukulu yachinsinsi ya akasinja yotchedwa Kama, pafupi ndi mzinda wa Kazan, imene idagwira ntchito kuyambira 1929 mpaka 1933. Makampani a Krupp, Rheinmetall ndi Daimler-Benz adapanga akasinja oyeserera n'kumawalemba m'makalata kuti ndi mathalakitala. Anthu a ku Russia amene ankaphunzira nawo limodzi kumeneko ndi omwewo amene adadzamenyana nawo zaka 8 pambuyo pake.

Dzina limene mudzamve kawirikawiri ndi la Heinz Guderian. Munthuyu ankadziwa kudzitama, ndipo m'mabuku ake adadzipatsa ulemu wonse, pamene bwana wake Oswald Lutz ndiye ankakankha zinthu m'maofesi, ndipo Ernst Volckheim, amene adamenyadi nkhondo m'kati mwa A7V, adayamba kulemba za akasinja iye asadayambe. Zambiri adaziwerenganso kwa Angelezi, amene mu 1927 adayesa gulu lankhondo loyenda pa magalimoto lokhalokha ku Salisbury Plain. Guderian mwini adakalowa koyamba m'kasinja weniweni mu 1929 ku Sweden, ndipo kasinjayo adachokera pa mapulani a Vollmer yemwe uja. Koma chinthu chimodzi tisamulande. Mu 1914 iye anali woyang'anira wailesi m'gulu la asilikali a pa mahatchi, ndipo adaona ndi maso ake mmene gulu lothamanga limasokonekera likasowa mauthenga. Iye ndi anzake adaumirira kuti kasinja aliyense akhale ndi wailesi, ngakhale yongomvera chabe, ndipo mtsogoleri azikhala kutsogolo ndi wailesi yotumizira mawu, osadikira malipoti m'nyumba ya kutali. Adaumiriranso kuti akasinja asamwazidwe awiriawiri m'magulu a asilikali apansi. Akhale pamodzi m'gulu lawo lalikulu, ndipo asilikali apansi, mizinga, omanga milatho ndi amakanika awakweze pa magalimoto kuti aziyenda pa liwiro la kasinja.

Hitler atalowa m'boma mu 1933, ndalama zidapezeka. Kasinja woyamba wa nthawi imeneyi, Panzer I, adatuluka mu 1934, m'makalata akadali kumutcha thalakitala ya kumunda. Kanali kanthu kakang'ono ka matani 5 ndi pang'ono, ka anthu awiri, mfuti za chiwaya ziwiri, chitsulo chake mamilimita 13 okha. Mu March 1935 Hitler adakana poyera malamulo a ku Versailles okhudza zida, ndipo pa 15 October chaka chomwecho adakhazikitsa magulu atatu akuluakulu a akasinja, ku Weimar, ku Würzburg ndi ku Berlin. Akasinja amene ankawadalira kwenikweni, Panzer III ndi Panzer IV, adachedwa kutuluka m'mafakitale, koma kakhalidwe ka anthu m'kati mwake n'kamene kadasonyeza kuti phunziro la A7V lidamveka. Anthu anali asanu: dalaivala, wa wailesi, wolowetsa chipolopolo, wowombera, ndi mtsogoleri. Mtsogoleriyo ntchito yake inali imodzi, kuyang'ana kunja ndi kulamula. Aliyense anali ndi zomvera m'makutu ndi kachipangizo kolankhulira kogunda pakhosi, kotero kuti phokoso la injini silinkameza mawu.

Zoyamba sizidayende bwino. Ku Spain, pa nkhondo yapachiweniweni imene idayamba mu 1936, Panzer I adakumana ndi T-26 wa ku Russia wokhala ndi mzinga wa mamilimita 45, ndipo adaoneka kuti ndi mwana. Mu March 1938, polowa mu Austria popanda wowombera ngakhale mmodzi, gulu la ku Würzburg lidayenda ulendo wa ku Vienna likumwa mafuta m'mafilingi a m'mbali mwa msewu, likufufuza njira m'buku la alendo odzaona malo, ndipo akasinja ambiri adafera m'njira. Chimene chidawapulumutsa ndi kulanda dziko la Czechoslovakia mu 1939, kumene adapeza akasinja abwino a makampani a Škoda ndi ČKD pamodzi ndi mafakitale ake. Ku Poland, mu September 1939, adapambana msanga, komabe gulu limene lidayesa kulowa m'misewu ya Warsaw pa 8 ndi 9 September lidabwerera litataya akasinja ambiri. Mukadzamva nthano yoti asilikali a ku Poland ankathamangira akasinja ndi mikondo ali pa mahatchi, dziwani kuti ndi bodza lofalitsidwa nthawi ya nkhondoyo. A pa mahatchiwo adathamangira asilikali apansi ku Krojanty, ndipo adawabalalitsa, magalimoto ankhondo asadatulukire.

Chimene chidadzidzimutsa dziko lonse chidachitika mu May 1940, pamene Germany adathira nkhondo dziko la France. Ajeremani anali ndi akasinja pafupifupi 2,500, ndipo oposa theka anali timitundu ting'onoting'ono tija, Panzer I ndi II. Afalansa ndi Angelezi pamodzi anali ndi oposa 3,000, ambiri a chitsulo chokhuthala kuposa cha Ajeremani. Mwa magulu 10 a akasinja, 7 adawadutsitsa m'mapiri ndi m'nkhalango za Ardennes, kumene Afalansa ankati gulu lalikulu silingadutse msanga. Magalimoto oposa 40,000 adapanikizana m'timisewu tating'ono, mzere wake kutalika makilomita oposa 200, ndipo ndege za adani zikadabwera zambiri masiku amenewo, nkhani ikadathera pomwepo. Pa 13 May adafika pa mtsinje wa Meuse ku Sedan. Amene adayamba kuwoloka anali asilikali apansi ndi omanga milatho, m'mabwato a mphira, ndege zitaphulitsa tsidya linalo kwa maola ambiri. Akasinja adawoloka pambuyo, pa mlatho woyandama, ndipo pa 20 May anali atafika kunyanja cha ku Abbeville, magulu abwino koposa a Afalansa ndi Angelezi atatsekeredwa kumpoto.

Kuti mumvetse kuti chitsulo sichinali kumbali yawo, tamvani za mudzi wa Stonne, kum'mwera kwa Sedan. Pa 16 May kasinja mmodzi wa Afalansa wa mtundu wa Char B1, wotsogoleredwa ndi Pierre Billotte, adalowa mumsewu wa mudziwo n'kupeza mzere wa akasinja a Ajeremani. Adawononga 13. Iye adamenyedwa maulendo 140, koma palibe chipolopolo chimene chidaboola chitsulo chake cha mamilimita 60. Nanga adagonja bwanji anthu okhala ndi chida chotere? M'kanyumba kozungulira ka pamwamba pa kasinja wa Afalansa munkakhala munthu mmodzi. Yemweyo ayang'ane mdani, yemweyo alowetse chipolopolo, yemweyo alunjike, yemweyo alamule dalaivala, ndipo ngati ndi mkulu wa gulu, yemweyonso atulutse timbendera kuuza anzake kolowera, pakuti akasinja ang'onoang'ono ambiri adalibe wailesi. Paja akulu adati mutu umodzi susenza denga. Pamene Mfalansa ankamaliza kuzungulira, Ajeremani anali atauzana kale pa wailesi, ena atam'zembera kumbali, ena ataitana ndege kapena mzinga wa mamilimita 88.

Palinso nkhani ya mafuta. Afalansa ankadikira matanki a mafuta kuti azithira kasinja mmodzimmodzi, ndipo ku Flavion, pa 15 May, gulu lawo lamphamvu lidapezereredwa likuthira mafuta. Ajeremani ankanyamula petulo m'zigubu zachitsulo za malita 20, zija za zogwirira zitatu pamwamba, zoti munthu mmodzi anyamule ziwiri zodzaza kapena zinayi zopanda kanthu, kapena awiri agwirizane chimodzi. Lole inkangotsitsa zigubu m'mbali mwa msewu, gulu lonse n'kuthira nthawi imodzi. Chigubu chachitsulo chimene mumachiona chitamangiriridwa kumbuyo kwa galimoto za m'tchire, mapangidwe ake adachokera ku Germany m'zaka za m'ma 1930, ndipo Angelezi adachita kukopera ataona kuti zitini zawo zinkadontha.

Kupambana kwa masabata 6 kumeneku kudawaledzeretsa. Adaiwala kuti France ndi dziko la misewu yabwino, ndiponso kuti kuchokera kumalire mpaka kunyanja ndi pafupi. Adaiwalanso kuti magulu a pa magalimoto anali kachigawo kakang'ono chabe, pamene asilikali ena onse ankayenda wapansi, mizinga yawo ikukokedwa ndi mahatchi. Hitler adachulukitsa magulu a akasinja kuchoka pa 10 kufika pafupifupi 20, koma adachita izi pochepetsa akasinja a gulu lililonse. Pa 22 June 1941 adalowa mu Soviet Union ndi akasinja oposa 3,000 ndi mahatchi oposa 600,000.

Sabata yoyamba yomweyo adakumana ndi T-34 ndi KV, akasinja amene sadawayembekezere. T-34 anali ndi chitsulo chopendekera chimene chinkatereretsa zipolopolo, mzinga wa mamilimita 76, matcheni otakata oyenda m'matope, ndi injini ya dizilo. Ku Raseiniai, m'dziko la Lithuania, KV mmodzi adaima pamsewu n'kutseka njira ya katundu tsiku lathunthu. Komabe luso lija lidagwirabe ntchito, pakuti akasinja a ku Russia ambiri adalibe wailesi ndipo anthu ake anali asadaphunzire mokwanira. Chaka chimenecho Soviet Union idataya akasinja pafupifupi 20,000. Chimene Ajeremani sadathe kuchigonjetsa ndi mtunda. Fumbi lidadya mainjini, njanji za ku Russia zinali zotakata kuposa za ku Germany kotero kuti sitima zawo sizinkayendapo asadazikonze, ndipo mu October mvula idasandutsa misewu phala. Kenaka kudabwera chisanu chimene chidaumitsa oyilo, madalaivala n'kumasonkha moto pansi pa injini kuti ilire. Pa 5 December asilikali a Soviet Union adabwezera pafupi ndi Moscow, ndipo nkhondo imene Germany adaikonzera miyezi yochepa idasanduka ya zaka, yodalira kuti ndani ali ndi mafakitale ndi mafuta ambiri. Akasinja otchuka a Ajeremani otchedwa Tiger adapangidwa 1,347 okha, pamene T-34 adaposa 50,000.

Sindingakusiyeni musadamve zimene zinkatsatira kumbuyo kwa akasinjawa, chifukwa makanema ndi masewera a pa kompyuta amene mumakonda sazionetsa. Pakati pa September 1941, magulu a Guderian ochokera kumpoto adakumana ndi a mkulu wina wankhondo, Kleist, ochokera kum'mwera, n'kuzungulira asilikali oposa 600,000 kum'mawa kwa Kiev. Ambiri mwa ogwidwawo adafa ndi njala m'misasa yopanda denga. Mzindawo utagwa, pa 29 ndi 30 September, Ayuda 33,771, amuna, akazi ndi ana, adawomberedwa m'chigwa cha Babi Yar. Njira ya opha anthuwo idatsegulidwa ndi akasinja.

Guderian adachotsedwa pa udindo kumapeto kwa December 1941 chifukwa chobweza asilikali ake popanda chilolezo, koma sadakane mphatso ya Hitler, munda waukulu wa ku Deipenhof m'dziko la Poland, umene eni ake adathamangitsidwa kuti iye alowemo. Adabwereranso pa ntchito mu 1943. Nkhondo itatha Amereka adamusunga mpaka 1948, n'kumumasula, ndipo buku la moyo wake lidagulidwa kwambiri ku Britain ndi ku America. Adamwalira mu 1954 asadaimepo m'khoti kuyankha mlandu uliwonse.